Sikelo Yopanda Bere

Ana anga, chigawo chino ndi chanu nonse, koma makamaka iwe Tiyamike. Mwezi watha unandifunsa funso uli wokwiya, ine ndinangoti, “Kwera minibasi uzipita, kwada.” Sindinakuyankhe chifukwa yankho lake ndi lalitali, ndipo iwe ukakwiya sumva. Werenga kuyambira pano, usathamangire kumapeto monga umachitira ndi chilichonse.

Chaka changa choyamba, ku Kawale

Ntchito ya ulangizi wa zaumoyo ndinayiyambira ku Kawale ndili mtsikana wochokera ku Dedza, wa nsapato imodzi yokha ya pulasitiki. Gawo langa lalikulu linali sikelo ya ana. Tinkakoleka sikelo panthambi ya mtengo wa mango, mayi aliyense n'kumangirira mwana wake pachitenje, ife n'kumukoleka pa ngowe, kenako katemera kwa amene nthawi yake yakwana. Masiku amenewo Kawale inali ana okhaokha. Phokoso la tsiku la sikelo linkamveka mpaka kumsika. Mwana akangotsika pa ngowe ankalira ngati tamuba, ndipo mankhwala ake anali amodzi: mayi ankakhala pansi, kutulutsa bere, mwana zii. Ukayang'ana pabwalo unkangoona mabere pamzere, palibe ankachita nazo manyazi.

Ntchito imeneyi ndi imene inandiphunzitsa kukayikira anthu, musamanene kuti ndinabadwa nako. Zinthu zinkasowa nthawi zonse. Chiponde cha ana onyentchera chikabwera, unkachipeza m'mbale ya bambo wa pakhomo. Masikito tikagawa, mawa lake unkawapeza atatchinga nkhuku. Mayi wina ankatha kubwera m'mawa atavala duku, masana n'kubweranso wopanda duku ndi dzina lina, mwana yemweyo. Ndinaphunzira kusamvera pakamwa pa munthu koma kuyang'ana manja ake, mapazi ake ndi kumene maso ake akuthawira. Anzanga a kuntchito anandipatsa dzina loti Apolisi, ndipo sindinalikane.

Zaka zanga za ku Biwi

Nditakhwima pantchito, inu nonse muli kusukulu, ananditumiza ku Biwi, kuchigawo cha nyumba zakale. Sikelo tinkachitira pabwalo la tchalitchi china Lachiwiri. Anthu a kumeneko ambiri anali a ku Ntcheu ndi kwathu ku Dedza, amene anabwera mzinda ukumangidwa kumene: madalaivala, amesenjala, amisiri, ophika m'nyumba za mabwana. Anapeza mapuloti ali anyamata, anamanga, anabereka, analera. Nditangofika ana analipo ndithu, koma chaka ndi chaka benchi inkapepuka. Ana a m'nyumba zimenezo ankati akakwatira n'kupita ku Area 49, ku Area 36, ena ku Joni. Makolo anatsala ndi zipinda zopanda anthu, ndipo ambiri ankakana kuikamo alendi a mabanja, ati ana a eni amathyola maluwa. Mkaka wa ana unasowa mugolosale ya pakona, m'malo mwake munadzaza mafuta opaka m'mawondo. Sukulu ya mkombaphala inatsekedwa, chipinda chake anayamba kusungiramo mipando ya pamaliro. Nyimbo za maliro tinkazimva kawirikawiri kuposa kulira kwa khanda.

Tinali ndi makina amodzi oyezera kuthamanga kwa magazi, kumene aliyense amangoti bipi. Anali aja a lamba womanga pamkono ndi kampira kopopa. Bwana wathu, a Kamwendo, munthu wosaseka koma wosaba, anaika lamulo lakuti makinawo ndi a amayi obwera ndi ana basi, makamaka ofuna kulera. “Mukayamba kuyeza aliyense wodutsa pamsewu,” ankatero, “sikelo isanduka chipatala, ndipo lamba akang'ambika mudzasoka ndinu.” Ine ndinalimva lamulolo mmene linanenedwera: wobwera ndi mwana. Choncho gogo akabwera ndi mdzukulu amene amusiyira, ndinkamuyeza naye. Magazi akakwera ndinkamukalipira za mchere n'kumuuza kuti mawa lomwe akafike kuchipatala. Angapo ndinawapulumutsa motero, ndipo mbiri inayenda.

Tsiku lina a Kamwendo anabwera okha ndi galimoto kudzaona sikelo. Anapeza ana ochepa oti ndikanatha kuwayeza onse madzi a tiyi asanawire. Anaima, anayang'ana benchi, kenako anati, “Mayi, galimoto ndi imodzi, sikelo ndi imodzi, Lachiwiri ndi limodzi. Ku Mgona akhala akutipempha, ana akuchita kupondana. Muone mmene ziyendere nyengo yozizirayi, mukapitenso ku Mgona mukaone nokha. Mukandiuza kuti kuno kuli ana, sikelo ikhala. Mukandiuza kuti kulibe, tinyamula. Ndimva za inu, chifukwa inu simunamizidwa.” Cholakwa chawo chinali chimodzi: analankhula mokweza, pamene Gogo Nangondo anali chapafupi akunamizira kumanga duku.

Gogo Nangondo anali mayi wa ku Ntcheu, wamasiye, amene anagwira ntchito yokolopa m'maofesi mpaka msana unakana. Anali wamfupi, wonenepa, wa pakamwa pakuthwa, mtsogoleri wa amayi a patchalitchipo. Bipi yawo inali yoopsa kuposa ya wina aliyense, ndipo ankabwera ndi kamdzukulu kamodzi kamene kanali katatsala pang'ono kupyola msinkhu wa sikelo.

Nyengo yozizira ya chaka chomwecho

Lachiwiri lotsatira ndinapeza benchi yodzaza. Linzake anthu anakhala mpaka pansi. Makanda, makanda enieni, ena a mwezi umodzi, onse ali kumsana kwa agogo a imvi. Aliyense ankati, “Mdzukulu wanga uyu, akukhala ndi ine, mayi ake ali kuntchito.” Ha! Ine Apolisi? Azimayi onse a m'Biwi apeza ntchito mwezi umodzi, m'dziko muno?

Poyamba ndinaganiza za chiponde. Ndinachibisa m'galimoto n'kulengeza kuti chatha, koma sabata yotsatira anabwera onse, wina osachifunsa n'komwe. Ndinaganiza kuti mwina wina wawanamiza kuti kukubwera masikito kapena ufa. Ndinamukayikira dalaivala wathu, amene mkazi wake ankagulitsa mandasi pageti, ndipo ndinamuyang'ana ndi diso loipa kwa masabata, munthu wosalakwa. Ndinayamba kuyang'anitsitsa makanda kuti mwina ndi amodzimodzi akungowasintha zipewa, monga ankachitira a ku Kawale. Ayi, anali osiyana, onenepa bwino, osamalidwa. Chinthu chinkandisowetsa mtendere koma sindinkachigwira. Ndinkafika kunyumba n'kumakukalipirani popanda chifukwa, mwina mukukumbukira.

Ndinachigwira tsiku lina ndikubaya katemera kamnyamata kena. Kanalira mokuwa, ndipo ine mwachizolowezi ndinati, “Muyamwitseni.” Nditakweza maso ndinaona nkhope ya gogo wopanda mano akungokagwedeza kuti shii, shii. Ndinayang'ana benchi yonse kuyambira uku mpaka uko. Ana akulira ponseponse, koma bere ngakhale limodzi panalibe. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchitoyi ndinali ndisanaone sikelo yopanda bere. Ndinaonanso kuti gogo aliyense akangoyezetsa mwana ndi mkono wake, sankatulukira kugeti. Ankazungulira kuseri kwa tchalitchi mofulumira, mawondo omwe ankadandaula nawo aja atachira mwadzidzidzi, ndipo posakhalitsa kulira kunkaleka.

Ndinasiya jakisoni patebulo ndi kutsatira gogo wina amene ankazungulira. Kuseri kwa tchalitchi, pakati pa khoma ndi mpanda, ndinapeza atsikana atakhala pamzere pazitenje, aliyense bere lili panja, ena akudya chinangwa, ena akusewera ndi mafoni. Atandiona anangoti kakasi.

“Iwe, umakhala kuti?” ndinafunsa woyamba.

“Ku Area 36, amayi.”

“Nanga iwe?”

“Ku Chinsapo. Apongozi ndi amene anati ndizibwera naye Lachiwiri.”

Wina anati ku 49. Wina sanali ngakhale wachibale, ankagulitsa tomato pamsika ndipo anangobwereketsa mwana kwa gogo amene amamugula. Ana onsewo anali ndi masikelo awo kumene ankakhala.

“Mwatipeza, Apolisi.” Anali Gogo Nangondo, ataima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno. Manyazi analibe ngakhale pang'ono.

“Gogo, ndi inu mwakonza zimenezi?”

“Nanga angakonze ndani? Azibambo a kuno amangokhala pakhonde kudikira imfa.”

“Mukudziwa kuti mukunamiza boma?”

“Boma lake liti? Ife tinalikolopera boma limenelo. Taba chiyani? Ana awa si ana? Simukuwayeza? Chiponde chanu tatenga?”

“Nanga amayi awo mukuwabisiranji?”

“Inu mukanawafunsa kumene amakhala, monga mwachitiramu. Komanso lamulo lanu lija likuti makina ndi a wobwera ndi mwana. Akalowa mayi ake, ine ndilowa ndi chiyani?” Anandiyandikira n'kutsitsa mawu. “Mayi, tamverani. Kuchipatala mzere umayamba kusanache. Ine kuti ndikafike ndiyenera kukwera kabaza, ndi thupi ili, ndi mawondo awa. Ndikaima padzuwa mpaka masana kuti angondimanga lamba pamkono, mwina n'kundiuza kuti makina afa. Pano ndimayenda pang'ono, mumandiyeza, mukati zaipa ndiye ndimadziwa kuti ulendo wa kuchipatala ndi woyenera kuuvutikira. Sikelo ikachoka, ife atiyeza ndani? Mumzinda muno zonse ndi za ana ndi amayi apakati. Ife amene tinabereka kale tinatha ntchito?”

Mawu amenewo anandikwiyitsa kwambiri. Ndinangoti, “Bwererani pabenchi,” ndi kukamaliza ntchito. Ndinawayeza onse tsiku limenelo, mkono ndi mkono.

Sabata yomweyo ndinapita ku Mgona monga anandituma a Kamwendo. Ndinapita ndi mtima wokayika womwewo, ndikuti nawonso mwina akukokomeza kuti alandire zaulere. Ana anga, kumeneko sikunafunike Apolisi. Tinjira take n'topapatiza, madzi akuda akuyenda pakati, ndipo khomo lililonse linali ndi mwana wokwawa, wina kumsana, wina m'mimba. Anthu ake ndi achinyamata obwera kudzafuna maganyu, okhala m'kachipinda kamodzi banja lonse. Munthu wa imvi ndinachita kumufunafuna. Mayi wina wamng'ono, wogulitsa makala, ataona yunifolomu yanga anandigwira dzanja n'kundilowetsa m'nyumba. Pamphasa panagona mapasa. Mmodzi anali bwino, winayo tsitsi litafiira, mapazi otupa. Ndinafunsa ngati analandira katemera. Anati woyamba yekha, chifukwa kusikelo n'kutali, sangabereke awiri pamodzi ndi thumba la makala, ndipo tsiku limene sagulitsa sadya. “Akuti mubweretsa sikelo kuno,” anatero. “Ndi zoona, kapena akungotinamiza ngati kale?” Ndinamuuza kuti apite ndi mwanayo kuchipatala tsiku lomwelo, koma za sikelo sindinamuyankhe.

Loweruka Gogo Nangondo anafika kunyumba kwathu atanyamula nkhuku. Iwe Tiyamike ndi amene unawatsegulira. Ndinadziwa kuti nkhukuyo si ya chibale.

“Gogo, nkhukuyi ibwerere.”

“Ndi ya ana, si yanu.”

“Ana anga adya kale. Nenani chimene mwadzera.”

“Simukuyenera kunama, mayi. Mungonena kuti ana akubwera. Kodi sakubwera?”

“Akubwera pa minibasi.”

“Bwana wanu adzafunsa za minibasi?”

“Sadzafunsa, chifukwa amandikhulupirira. N'chifukwa chake sindingathe.”

Anasisita nkhuku ija. Kenako anati, “Inunso mudzakalamba, Apolisi.” Sananene motukwana. Ananena ngati akundiuza kuti kunja kukubwera mvula.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya a Kamwendo ndi kuwauza zonse, za kuseri kwa tchalitchi ndi za mapasa. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti sikelo ipite ku Mgona koma makina a bipi azitsala ku Biwi kamodzi pamwezi, ine ndizipita ndekha wapansi. Anapukusa mutu. “Makina ndi amodzi, mayi, ndipo ku Mgona amayi olera ndi ochuluka. Ntchito yathu ndi ya ana. Za okalamba zilibe galimoto, zilibe tsiku, zilibe ofesi. Ndikanakhala nazo ndikanakupatsani.” Sindinawakhulupirire msanga. Ndinafufuza kustolo ngati kunali makina ena obisidwa, ndinafunsa ngakhale wosesa. Kunalibe.

Lachiwiri lomaliza ku Biwi benchi inali ndi ana enieni a kumeneko okha, owerengeka aja. Agogo ambiri sanabwere, ena anadutsa pamsewu osandipatsa moni. Titayamba kumasula sikelo pamtengo ndinaona Gogo Nangondo akubwera pang'onopang'ono, kumsana kulibe kanthu. Anakhala pabenchi, anapinda dzanja la juzi, anatambasula mkono.

“Lero ndabwera wopanda mwana wa eni,” anatero. “Mundithamangitsa?”

Ndinawamanga lamba ndi kupopa. Muvi wa pamakinawo unakwera moopsa. Ndinawauza kuti mawa, osati mkuja, akafike kuchipatala, ndipo azipita mwezi uliwonse ngakhale akumva bwino. Anaseka. “Mwezi uliwonse? Pa kabaza? Chabwino, Apolisi, tamva.”

Chaka chotsatira

Ku Mgona sikelo inayenda kuposa mmene tinkaganizira. Tinkayamba m'mawa kumaliza dzuwa litapendeka, mabere pamzere ngati ku Kawale kwa kale. Mapasa aja onse anakula, ndipo patapita zaka ndinawaona ndi maso anga akuthamangitsana ndi yunifolomu ya sukulu. Ndikunena izi kuti mudziwe: sindinalakwe, ndipo atandibwezera tsiku lija ndikhoza kulowanso mu ofesi ija ndi kunena zomwezo.

Koma mvula ya chaka chimenecho itayamba ndinamva kuti Gogo Nangondo agwa kubafa ndipo afa ziwalo mbali imodzi. Anapita kuchipatala maulendo angapo nditachoka, kenako anatopa, ankati akumva bwino. Ndinapita kukawaona Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Mpongozi wawo, mmodzi mwa atsikana a kuseri kwa tchalitchi aja, anandilandira mozizira ndi kundilowetsa kuchipinda. Gogo anali atagona, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Atandizindikira anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasuntha mkono umene unali wamoyo, anautulutsa m'bulangeti movutikira, n'kuutambasulira kwa ine, chikhato chili m'mwamba. Mpaka lero sindidziwa ngati ankandinyoza kapena ankapemphadi. Makina anali ku ofesi, m'kabati yokhoma. Ndinangougwira mkonowo ndi manja anga awiri, ndipo ndinalira, ine amene simunandionepo ndikulira. Anamwalira mvula isanathe.

Mwezi wathawu, ku Kawale

Tsopano ndinapuma, ndipo ndinabwerera ku Kawale kumene ndinayambira, m'nyumba imene tinamanga ndi malemu bambo anu. Inu nonse munachoka, wina ku 49, wina ku 25, wina ku Joni. Tayang'anani mzere wathu mukabwera: kwa a Phiri atsala awiri, kwa aphunzitsi atsala amayi okha, nyumba ya pakona mwatsala agalu ndi mlonda. Mawondo anga ayamba kulankhula, ndipo bipi inandipeza chaka chomwe ndinapuma. Patchalitchi pathu pamabwera sikelo kamodzi pamwezi, ndi kamtsikana kaulemu kamene kali ndi makina a mabatire. Nako kanauzidwa kuti makinawo ndi a amayi obwera ndi ana. Ndiye tsiku lina ndikudutsa ndinamva bwana wake akulankhula pafupi ndi galimoto, akuyang'ana benchi yopepuka, akutchula Chinsapo. Mawu ake sindinawamve onse, koma nkhope imeneyo ndimayidziwa.

N'chifukwa chake, Tiyamike, ndinakuyimbira kuti ubwere ndi khanda lako kuchokera ku 49. N'chifukwa chake ndinakuuza kuti umuyamwitse mpaka akhute, umupatse ine, iwe ukakhale kuseri kwa tchalitchi, kumene unapezako atsikana ena amene sunawadziwe. Unandifunsa kuti, “Amayi, mwayamba misala? Mukundibisa ngati ndaba?” Sunabe kanthu, mwana wanga. Amayi a mumzere wathu ndinawasonkhanitsa ndine, ndipo ndinawaphunzitsa zimene Gogo Nangondo sanaziganize, kuti mwana azilowa atakhuta, kuti asalire.

Koma wako uja ndi wamakani ngati agogo ake. Atangomukoleka pa ngowe anakuwa, ndipo anzake onse anamuyankha. Kamtsikana kaja kanati, osakweza mutu, “Muyamwitseni.” Kenako kanakweza mutu. Ndinaona maso ake akuyenda pabenchi kuyambira uku mpaka uko, pang'onopang'ono, mpaka anafika pa ine n'kuima. Ine ndinapinda dzanja la juzi ndi kutambasula mkono.